Mutu 6: Namsil Asuntha Bokosi la Mnzake

1. Dzina Limodzi Lokha

Tak Namsil anali asanakhalepo wachiwiri m'kalasi. Chilowereni sukulu, dzina lake ndilo linkakhala pamwamba pa pepala la zotsatira, ndipo anazolowera malowo ngati anachita kubadwa nawo. Ndiye m'chaka cha 1974 kunatulukira Seok Dallae.

Dallae ankachokera ku Sanmak, mudzi wa kuphiri umene basi yake imatsika m'mawa n'kukweranso madzulo. Bambo ake ankawotcha makala. Yunifolomu yake inali yosiyiridwa, manja ake anali okhakhala, ndipo m'kachitini kake ka chakudya munkakhala balere wambiri, mpunga wochita kufufuza. Atsikana a m'tauni yathu ya Durim anamuseka sabata imodzi yokha. Mayeso oyamba atatuluka, aliyense anameza kuseka kwake.

Chomuwawa kwambiri Namsil chinali chakuti Dallae analibe mwano. Akanakhala wodzitama, kumuda kukanakhala kosavuta. Koma mtsikanayo ankamukonda Namsil ndi mtima wonse. Ankamubweretsera mtedza wa kuphiri m'thumba la yunifolomu, n'kumauza aliyense kuti, "Uyu ndiye mnzanga wa pamtima." Namsil ankalandira akumwetulira, kenako n'kukautaya kuseri kwa mpanda.

Disembala atangoyamba, aphunzitsi a sayansi, a Pyon, analowa m'kalasi ndi kalata m'manja.

"Ku Gwangju kuli mpikisano wa sayansi," anatero. "Nkhani ya chaka chino ndi njoka za m'mimba. Musakwinye nkhope, nonsenu munali nazo. Kapena nditchule maina, ndi mapiritsi amene aliyense anameza mwezi watha uja?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ena akubisa nkhope m'mabuku. Ndani akanatsutsa? Kawiri pachaka mwana aliyense wa sukulu ankapereka kaenvulopu kochititsa manyazi kaja, ka chimbudzi chake choti akachiyeze, ndipo pakapita masabata angapo maina ankaitanidwa kutsogolo, kukameza mapiritsi amene amachititsa dziko lonse kuoneka lachikasu.

"Akufuna tiyese zomera zathu zomwezi, tione ngati zilipo zimene zimaphadi njokazi," anapitiriza a Pyon. "Wopambana kumeneko adzaphunzira zamankhwala ku koleji mwaulere. Koma sukulu iliyonse itumiza mwana mmodzi. Namsil ndi Dallae, inu awiri muyesa Lachisanu likubwerali. Aliyense asankhe chomera chake. Amene mankhwala ake aphe njoka zambiri, dzina lake ndilo ndilembe pafomu."

Dallae anatembenuka n'kugwira dzanja la mnzake. "Kaya iwe kaya ine, n'chimodzimodzi!" ananong'ona.

Kwa Namsil sichinali chimodzimodzi ngakhale pang'ono. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri, ndipo pafomu paja panali mzere umodzi wokha. Anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono ngati akufuna kutola pensulo.

2. Mawu a M'sitolo

Bambo a Namsil anali ndi sitolo ya mankhwala azitsamba pafupi ndi msika. Khoma lonse la kumbuyo linali timadilowa tokhatokha, ndipo a Tak ankadziwa za m'kadilowa kalikonse osayang'ana. Atamva za mpikisanowo, anakoka kamodzi n'kutulutsa makungwa a muzu wa mtengo wa ndya.

"Tamvera bwino, mwana wanga," anatero akuwaika pasikelo. "Khungwa ili agogo ako ankachiza nalo anthu ine ndisanamere mano. Ulipale, uchotse kachikopa kofiirako, uliwiritse m'kamphika kadothi pamoto wochepa mpaka makapu atatu asanduke kapu imodzi. Usathamange nalo. Ndipo zinthu ziwiri izi usadzaziiwale moyo wako wonse. Choyamba, mankhwala amamwedwa ofunda. Akazizira mphamvu yake imagona, wodwala amangovutika ndi madzi owawa. N'chifukwa chake umaona mayi ako akuthamanga ndi mbale kuchokera kukhitchini ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Chachiwiri, pakati pa mankhwala ndi poizoni pali kasikelo aka basi. Chimene chimapha njoka chingathenso kupha mwini mimba. Munthu wosadziwa muyezo asamwetse mnzake kanthu, ngakhale amukonde bwanji. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Nanga mnzakoyo akuyesa chiyani?"

"Akuti muzu wa duwa la nkhalamba," anayankha Namsil akupinda mlomo. Aliyense amalidziwa duwa limeneli. Limamera kumanda, limawerama ngati gogo wa msana, ndipo muzu wake anthu amauponya m'chimbudzi kuti uphe mphutsi.

A Tak anaseka. "Wa m'chimbudzi uja? Muzu woopsa umenewo, umawotcha kuyambira pakamwa mpaka m'matumbo." Kenako kuseka kunatha, anagwira chibwano. "Komatu mwanayo ali ndi mutu. Waganiza kuti chopha mphutsi mwina chingaphenso njoka. Ine zaka makumi atatu ndili muno, sindinaganizepo zimenezo. Si uja amabwera Loweruka kudzagulitsa mizu? Amayanika bwino kuposa akuluakulu ambiri. Mwana ngati ameneyo ndi dalitso pakhomo."

Namsil anayamba kugwira sikelo ya m'sitolomo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anali asanamvepo bambo ake akumutchula dalitso. Nsanje inamugwira. Anatenga makungwa aja n'kukawasinja ngati amulakwira.

3. Lachisanu M'mawa

Njoka zinabwera ndi a Maeng, nkhalamba imene inkasamalira pasukulupo. Anakazitenga kophera nkhumba m'mamawa, mu ndowa ya madzi ofunda yokulunga ndi chiguduli. Zinali zotuwa, zazitali ngati timitengo todyera, zikupiringizana mwaulesi. Atsikana amene anaunjikana pakhomo kudzaonerera anakuwa, koma palibe anachoka.

Kuyesako kunachitikira m'kachipinda kamene aphunzitsi amagonamo likafika tsiku lawo lolondera sukulu, poti ndimo mokha munali pansi pofunda. Monga m'nyumba zathu zonse, moto umasonkhedwa kunja ndipo utsi umadutsa kunsi kwa chipinda. Mbali ya kufupi ndi moto ndiyo imafunda, malo a akulu ndi alendo. Mbali ya kukhomo imazizira, ndipo m'nyengo ino madzi osiyidwa kumeneko amatha kuundana.

Mtsikana aliyense anali ndi bokosi lamatabwa la zogwirira, lodzaza udzu wa mpunga. M'udzumo munakwiriridwa mabotolo atatu: la mankhwala amphamvu, la apakati, ndi la osungunula kwambiri. M'botolo lililonse analowetsamo njoka zisanu. A Pyon analinso ndi botolo lawo, la madzi amchere okha, kuti aone ngati njokazo sizikungofa zokha.

"Tsopano tcherani khutu," anatero atafunditsa zonse ndi bulangete limodzi, kumbali yofunda. "Kuyesa si mpikisano wothamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiwerenga masana, kenako 4 koloko madzulo, ndipo chiwerengero cha madzulo ndicho chigamule. Munthu woyesa mankhwala amalemba chimene waona, osati chimene akufuna kuona. Ukanamiza pepala, pepalalo limakanamiza dokotala, dokotala n'kukanamiza mayi amene wanyamula mwana wodwala. Dallae, tenga wotchi yangayi, ndiwe usunge nthawi."

Anavula wotchi yawo n'kuiika m'dzanja lokhakhala lija. Wotchi imeneyo palibe mwana wa sukulu anali ataikhudzapo.

"Chinanso, mabokosi awa asasunthe pamalo pano," anapitiriza. "Onse afunde mofanana. Chifukwa chake n'chakuti njoka izi zinazolowera..."

Apa ndi pamene makutu a Namsil anatsekera. Maso ake anali pa wotchi, ndi pa Dallae amene anaigwira ndi manja awiri ngati dzira. Aphunzitsi analankhula nthawi ndithu, koma kwa iye zinali ngati mvula padenga. Ndiponso akanamva chatsopano chanji, iye mwana wa m'sitolo ya mankhwala? Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma tsiku limenelo panalibe womukumbutsa.

Masana anawerenga. A Pyon ankagunyuza njoka iliyonse ndi kamtengo kagalasi. M'botolo lamphamvu la Namsil, ziwiri zinali zitasiya kugwedera. M'botolo lamphamvu la Dallae, ziwirinso.

"Taonani zimenezi!" anatero aphunzitsi mokondwa. "Muzu wa m'chimbudzi ukulimbana ndi mankhwala a m'sitolo!"

Atsikana a pakhomo aja anaseka. Sankaseka munthu, koma Namsil anamva ngati aliyense akumuloza.

4. Nsapato Pakhomo

Nthawi ya chakudya, kalasi yonse inazungulira mbaula pamene zitini zawo zinasanjikizana kuti zifunde. Namsil anati waiwala cholembera, n'kutuluka.

Pabwalo panali zii. Anafika pa kachipinda kaja, anavula nsapato pakhomo monga achitira munthu aliyense, n'kulowa. Atavundukula bulangete anaima kaye. Bulangetelo linali lalifupi, silinafike bwino kumbali ya bokosi lake, ndipo wina anali atafunditsa mbaliyo ndi mpango wa m'khosi wakuthaitha. Unali mpango wa Dallae.

Manyazi anamugwira, koma sanakhalitse. "Wamupempha ndani?" anatero chapansipansi. "Akuyesa ine ndine wofunika chifundo chake?"

Mawu a bambo ake anali m'mutu: mankhwala akazizira mphamvu yake imagona. Ananyamula bokosi la Dallae n'kukalikhazika kukhomo, pamalo ozizira kwambiri m'chipindamo. Anavundukula udzu wa pamwamba. Kenako, potuluka, anasiya chitseko chotseguka mpata wa zala ziwiri, kuti mphepo ya kuphiri ithandize ntchitoyo.

Anabwerera m'kalasi ndi cholembera chimene chinali m'thumba mwake nthawi yonseyi. Dallae anamusungira malo pafupi ndi mbaula, khosi lake lili pamtunda.

"Wachedwatu, chitini chako chikanapserera," anatero. "Ndachichotsa. Idya msanga."

Namsil anadya. Tinene zoona, chakudyacho chinamukomera. Anali ndi chimwemwe, chimwemwe choipa chija chimene munthu amamva akaona mnzake akuyandikira dzenje.

Hafu pasiti 3 anapempha kupita kuchimbudzi. Anathamangira kukachipinda kuja, anavulanso nsapato, anabwezera udzu, anabwezera bokosi pansi pa bulangete, n'kutseka chitseko. Chilichonse chinaoneka monga anachisiyira aphunzitsi.

5. Khumi ndi Zisanu

Itakwana 4 koloko, Dallae anakweza wotchi. Mabokosi ananyamulidwa ndi zogwirira zake n'kuikidwa patebulo lalifupi. Mabotolo anangovundukulidwa pakamwa ali m'udzu momwemo, ndipo palibe amene anakhudza galasi.

A Pyon anayamba ndi botolo lawo la madzi amchere. Njoka zonse zisanu zinali moyo. Kenako anapita kwa Namsil. M'botolo lamphamvu zonse zisanu zinali zitafa, m'lapakati zitatu, m'losungunula imodzi.

"Zisanu ndi zinayi," anatero akulemba. "Ntchito yabwino, Namsil. Bambo ako sanamiza anthu."

Namsil anakweza mapewa. Anaponya diso kwa Dallae, kudikira kuona nkhope yake ikugwa.

Kamtengo kagalasi kanalowa m'botolo loyamba la Dallae. Zisanu zonse zinali gwa. M'lachiwiri, chimodzimodzi. Atafika pa lachitatu, la mankhwala osungunula kwambiri, aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta, n'kugunyuza njoka iliyonse kawiri. Palibe inagwedera.

"Khumi ndi zisanu," anatero. "Zonse! Ngakhale m'madzi osungunulawa! Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphunzitsa, sindinaonepo zotere."

Atsikana a pakhomo anaomba m'manja. Dallae anagwira pakamwa, misozi ili mbwee.

"Zikanayenera kubwerezedwa, ndipo tidzabwereza ndikabwerako," anatero a Pyon akutulutsa fomu. "Koma pepalali liyenera kufika ku Gwangju mawa m'mawa, ndipo sitima yanga ndi ya 5 koloko." Analemba pamzere uja, Namsil akuona chilembo chilichonse: Seok Dallae.

Asanatuluke anatembenuka. "Mverani nonse. Botolo si mimba ya munthu. Chimene taona lero n'chakuti njoka zafa m'galasi, basi. Sitikudziwa chimene madzi amenewa angachite m'thupi. Pasapezeke wolawa, pasapezeke wopita nawo kunyumba. Namsil, uthandize a Maeng kutsuka mabotolo. Tamvana?"

"Tamva, aphunzitsi."

Namsil anatuluka mutu uli ziii. Mankhwala ozizira apha zonse! Nanga akanakhala ofunda? Kuluza kumawawa, koma kuluza utabera kumawawa kawiri, ndipo analibe woti amudandaulire.

Dallae anamupeza pakhonde, masaya ali psuu. Anamukokera pakona n'kutsegula jekete. M'thumba la m'kati munali kabotolo ka madzi akuda.

"Usauze aphunzitsi, mnzanga," ananong'ona. "Ndi ka Chilbok, mlongo wanga wamng'ono uja. Ali ndi zaka zisanu, sanayambe sukulu, ndiye mapiritsi aja samufika. Ukamuona ungalire. Mimba ili apo, miyendo ngati bango. Dzana wasanza njoka yamoyo, mayi anangokhala pansi n'kuyamba kulira. Waona wekha, ngakhale osungunula apha zonse. Supuni imodzi m'madzi ambiri ingamuchite chiyani? Iwe wakulira m'sitolo, ukudziwa kuposa ine. Ndimpatse?"

Namsil ankadziwa yankho loyenera. Analimva m'sitolo masiku anayi okha apitawo. Tisamunamizire, sankafuna kuti mwana wa munthu aone choipa. Ankangofuna mawu obaya, ndipo anatola amene anali pafupi.

"Ukundifunsa ine?" anatero akugwedeza phewa. "Dokotala ndiwe tsopano. Mpatse."

Dallae sanamve minga ya m'mawuwo. Munthu wa mtima woyera amayesa aliyense ndi woyera. Anamukumbatira Namsil mwamphamvu.

"Zikomo, mnzanga! Ndimpatsa akangomaliza kudya madzulo ano. Ndathamanga, basi ingandisiye!"

6. Akufa Auka

A Maeng anali kuseri kwa kachipinda, pamalo osonkhera moto. Patsogolo pawo panali mabeseni awiri, ndipo ketulo inali pamakala.

"Bwera kuno, mwanawe, udzaone zodabwitsa," anatero osatembenuka. "Izi ndi njoka zako, izi ndi za mnzako. Yang'anitsitsa."

Anathira madzi ofunda m'mabeseni onse awiri. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako m'beseni la Dallae njoka imodzi inapinda mchira. Ina inadziwongola. Posakhalitsa beseni lonse linali piringupiringu. Namsil anawerenga. Zamoyo zinali khumi ndi ziwiri. M'beseni lake, zisanu ndi zinayi zija zinangogonabe.

"Zatheka bwanji, agogo?"

"Ine kusukulu sindinapondeko, koma nkhumba ndapha zaka makumi awiri," anatero a Maeng. "Njoka ya m'mimba imakhala m'nyumba yofunda moyo wake wonse. Ukaiika pozizira imauma gwa, ungalumbire kuti yafa. Tili anyamata tinkaziponya panja m'chisanu, kenako n'kuzithira madzi ofunda kuti tiopseze atsikana. Aphunzitsi anena zimenezi m'mawa muja. Ine ndamva ndili panja ndi tsache langa. Iwe unali m'kati momwemo, sunamve?"

Namsil anatola botolo n'kuyamba kulitsuka, a Maeng n'kupitiriza.

"Pokhuthula mabotolo a mnzako, ndapeza ali ozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ako anali ofunda. Udzu umasunga kutentha, komanso umasunga kuzizira. Ndiye ndakumbuka nsapato. Masana ndikudutsa ndi nkhuni, ndinaona nsapato pakhomo paja, zachikopa, zalamba. Hafu pasiti 3 ndazionanso. Pasukulu pano wovala zachikopa ndi mmodzi yekha, ena onse ndi zamphira. Munthu angabise nkhope, koma nsapato zimatsala panja."

"Sindimafuna..." anayamba Namsil.

"Unkafuna. Usawonjezere bodza pamwamba pa mlandu," anatero nkhalambayo mosakweza mawu. "Unkafuna kumugwetsa, ndiye wamunyamula wekha n'kumukweza pasitima ya ku Gwangju. Ukanasiya bokosi pamalo pake, zako zisanu ndi zinayi zikanaposa zake, dzina pafomu likanakhala lako. Nsanje ndi wantchito wopusa, mwanawe, umamutuma kumunda kwa mnzako iye n'kukalima kwako. Ndikunena zimene ndikudziwa. Ndili mnyamata, mpunga wa mkulu wanga unkakula kuposa wanga chaka ndi chaka. Tsiku lina ndinakagumula mzere wa munda wake kuti madzi athawe, uume. Madziwo anathawiradi, koma anathawira kumunsi, m'munda mwanga, n'kukokolola mbande zanga zonse. Chaka chimenecho ine ndi mkazi wanga tinadya mpunga wa mkulu wanga yemweyo. Anatipatsa osafunsa kanthu. Mpaka lero sindinadyepo chakudya chowawa ngati chimenecho."

Anasonkheza chikuni, n'kupitiriza.

"Ine kwa aphunzitsi sindipita. Mlandu uwu uli ndi mwini wake, ndipo mwini wake ali ndi pakamwa. Akabwerako Lolemba, ukawauze wekha. Adzakukalipira, mwina adzaitana bambo ako, ndipo fomu ija mwina sadzakupatsa. Upirire zimenezo. Ukakhala chete, mnzako akaima pamaso pa akuluakulu ku Gwangju ndi mankhwala osapha kanthu, akamutenga ngati wabodza, pamene wabodza watsala kuno. Choipa chitsata mwini, usayese chidzasochera. Tithokoze kuti zathera m'mabeseni muno, palibe wamwa zinthu zimenezi."

Namsil anakumbukira kabotolo ka m'jekete ya Dallae kaja.

"Agogo," anatero ndi mawu aang'ono, "munthu atamwa supuni imodzi yokha?"

"Ya muzu umenewu, wowiritsa chonchi? Wamkulu amagubuduka nayo mimba, ena amatsegula magazi. Ndipo poti njoka sizituluka, wopusa amawonjezera yachiwiri, kenako yachitatu."

"Nanga mwana? Wa zaka zisanu, wodwaladwala?"

A Maeng anatembenuka koyamba n'kumuyang'ana kumaso. "Ukufunsiranji?"

Botolo limene linali m'manja mwa Namsil linagwa pamwala n'kusweka. Anatola chikwama chake n'kuliyatsa liwiro, nkhalambayo ikumuitana kumbuyo.

7. Msewu wa ku Sanmak

Pokwerera basi panalibe munthu. Mayi wogulitsa matikiti anali akutseka kawindo kake.

"Mayi, basi ya ku Sanmak!" anakuwa Namsil akupuma mwawefuwefu.

"Si iyo ikukhota kutsidya kwa mlatho? Wachedwa, mwanawe. Imeneyo sidikira ngakhale mkazi wa dalaivala."

"Ina inyamuka nthawi yanji?"

"Mawa madzulo. Ukuyesa ndi ku Seoul kuno?"

"Nanga foni? Kulibe foni kumeneko?"

Mayiyo anaseka. "Ku Sanmak? Magetsi omwe sanafike, iwe ukuti foni. Ukufuna ndani, uja wa masaya ofiira? Wakwera akuimba ameneyo. Wandionetsa kabotolo, akuti mlongo wake achira lero. Ine ndamufunsa, 'Iwe, zinthu zakudazi wafunsa odziwa?' Akuti, 'Ndafunsa mnzanga wa pamtima, mwana wa a Tak a kusitolo ya mankhwala, ndipo wandiuza kuti ndimpatse.' Ndiye ndati chabwino, ngati anena ndi a kwa Tak, ndife yani ife kuti titsutse?"

Anasiya kutseka windo n'kumuyang'anitsitsa mtsikanayo.

"Dikira kaye. Kodi mwana wa a Tak si iweyo?"

Namsil anayang'ana msewu. Kuchokera pamlatho kukafika ku Sanmak ndi makilomita khumi ndi awiri, okwera okhaokha, ndipo chipale chofewa chinali chitayamba kugwa. Kuphiri anthu amadya kukangoyamba mdima kuti asawononge mafuta a nyale. Dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza nsonga ya phirilo.

Anaponya chikwama chake pawindo la mayiyo n'kuyamba kuthamanga.